Lole ya a Hebden

Miyezi khumi ndi inayi tsopano
galaja ya a Hebden ikulira ngati chigayo.
Ku Keighley kuno dzuwa limaweruka msanga,
koma nkhalambayi imayatsa getsi, n'kuvala magalasi akuda,
moto wowotcherera n'kumathetheka pasimenti.

Ine ndimafika ndikachoka kosamalira okalamba.
Yanga n'kugwira sipanala
ndi kuwerenga mabawuti m'chitini cha mabisiketi.

Mutu wa loleyi adautola pafamu ina,
nkhuku zitaikira pampando wa dalaivala.
Msana tautalikitsa, taukhomera matabwa,
kuti kagalimoto kofiira ka malemu akazi awo
kazikwera pamenepo.
Sikayendanso kameneko.
Kazingoberekedwa ngati mwana.

Dzulo injini inatsokomola kawiri, n'kukana.
Iwo anapukutira girisi pa ovololo,
nati, "Chiletso, thira tiyi."
Mvula inkagogoda malata, ife chete.

Lero yalira, mpaka mawindo kunjenjemera!
Kenaka tatenga tepi, tayeza:
denga la lole lapitirira khomo
ndi chala chimodzi chokha.
Taseka mpaka kukhala pansi m'mafuta.

Mawa tigumula njerwa.