Njinga Yopanda Buleki

Lolemba lina pa Namwera, mwezi wa chisanu,
a Likagwa analowa opanda buku m'khwapa.
Analemba tsiku pa bolodi, choko n'kuthyoka,
iwo n'kutembenuka: "Kodi inu mwabweranji?"

Tinayankha pamodzi ngati achule a m'dambo:
"Kudzaphunzira, kuti tikhale atsogoleri a mawa!"
Anapukusa mutu.
"Limenelo ndi yankho la pa wailesi.
Ine ndafunsa miyendo yanu yotuwayi,
yalawira m'mame osalawa kanthu. Yatsata chiyani?"

Zii. Mbuzi inasuzumira pakhomo n'kubwerera.

Anayamba ndi Twaibu, maso ali pa zala za kumapazi:
"Ine phala, aphunzitsi."
Tinaseka mpaka malata anayankha.
A Likagwa sanaseke. Analemba PHALA ndi kachidutswa ka choko,
zilembo zikuluzikulu ngati dzina la boma.
Asiyatu anati akatsala kunyumba amamubereketsa mwana
mpaka msana kuiwala kuti ngwake.
Ine ndinati bambo anga ali ndi lamba.
Zonse zinalembedwa, osachonga, osakhwatcha.

Kenaka Amidu, wa kumbuyo kwenikweni, uja wa tindevu:
"Achimwene anathawa ali mu folo.
Lero ali ku Joni, atumiza njinga yamoto,
amanga nyumba ya malata makumi anayi.
Inu munamaliza zonse, aphunzitsi,
koma njinga yanu ilibe buleki."

Tinadikira mbama.
Iwo anasuzumira panja pamene inatsamira njingayo:
"N'zoona. Ndimaimitsa ndi chidendene.
Ndani amuyankhe mnzathuyu? Ine ayi, mlandu ngwanga."
N'kukhala pansi pakati pathu, buluku lawo pa fumbi.

Apo m'pamene kalasi inadzuka.
Rashida anati mayi ake anagulitsa nandolo matumba atatu,
sikelo ya venda inati awiri ndi theka,
iwo n'kuthokoza.
Sumaili anati sikelo siinama, wonama ndi munthu.
Wina anati, nanga ukadziwa kuwerenga venda aleka kuba?
Wina: ayi, koma udziwa kuti wakubera zingati.
Wina: ndiye phindu lake n'kupsa mtima basi?
Theka la thumba lija tinaliwerengera pa dothi ndi kamtengo,
linakwana nsapato za ana awiri ndi sopo,
masamu omwewo amene anatikana Lachisanu pa bolodi.
Chitsulo cha pa mtengo wa mango chinalira, palibe anadzuka,
ngakhale Twaibu, kapu ili m'manja.

Funso la Amidu silinathe tsiku limenelo.
Tinapita nalo ku madarasa masana,
tinagona nalo, tinabwera nalo Lachiwiri.
Kuyambira pamenepo lamba wa bambo anapuma:
ndinkadzuka ndekha, kuopa kuphonya
zimene Rashida amuyankhe Sumaili.

Amidu ku Joni anapitabe, ali mu fomu thu.
Chaka chatha ananditumizira mawu pa foni:
bwana wake anampatsa pepala, akuti saina apa.
"Ndinawerenga lonse, m'bale wanga.
Ndinafunsa kuti mzere uwu ukutanthauzanji?
Anandiyang'ana ngati mbuzi yalankhula."
Sananene ngati ntchito ikadalipo.

Ine ndimagulitsa simenti pa Boma, kufupi ndi mlatho.
A Likagwa anapuma ntchito, amakhala kwa Mponda.
Anadutsa Loweruka, imvi mbuu, njinga yomwe ija,
ndinawathamangira kuti ndiwauze za Amidu.
Anamvetsera, chidendene chili pansi,
n'kufunsa: "Nanga iweyo ukuti bwanji? Anachita bwino?"
Ndinayamba kuyankha.
Wa kabaza wina anaima n'kunditsutsa,
mayi wa tomato anatula dengu kuti nayenso aponyepo.
Kasitomala wanga anaitana kawiri
n'kupita kukagula patsidya pa msewu.