Zimene Mlembi Sanalembe

Kalata inafika Lachiwiri itanyowa pakona,
chidindo chake chitasuluka:
boma lililonse lisankhe nthumwi zinayi
zokasoka mwatsopano malamulo aakulu a dziko.
Anaimata pachitseko cha holo ndi phala la kondoole
pafupi ndi chidziwitso cha mbuzi yosowa.

Ine anandipatsa kope ndi bolopeni.
Amati zolemba zanga sizipendama.

Lachinayi mipando inayamba kulira isanakwane naini.
A ku Namwera anatsika phiri pa lole ya chimanga,
a ku Makanjira fumbi lili m'nsidze,
akabaza atatsamiritsa njinga pamlambe
akusuzumira pawindo.
Wapampando, Che Likwanya, anawerenga mitu katatu,
poti popanda magawo awiri mwa atatu
msonkhano ndi macheza chabe.
Tinaperewera mmodzi.

Anathamangitsa mnyamata kumsika.
Abiti Mkwanda anabwera manja akununkha utaka,
kachikwama ka ndalama kali m'chiuno,
nakhala kumbuyo, pafupi ndi tsache.
Dziko linakwana.

Shehe anapemphera, abusa anapemphera,
aliyense akuyang'ana wotchi ya mnzake.
Kenako ndondomeko:
mphindi zitatu munthu mmodzi,
belu likalira khala pansi,
ndemanga zidzere kwa wapampando.

Mlendo wa tayi anawerenga ndime m'Chingerezi,
Twaibu anaitsanulira m'Chichewa,
Che Ndomondo anaitsanuliranso m'Chiyao.
Ikamafika kumbuyo inali itatsala theka
ngati madzi otungira m'dengu.

Anakangana za zaka za mtsogoleri.
Anakangana ngati phungu wogona angachotsedwe
nthawi yake isanathe.
Apa holo inawira,
mphunzitsi wopuma ntchito anamenya tebulo
mpaka magalasi ake anagwa.
Manja m'mwamba!
Makumi anayi ndi limodzi, makumi atatu ndi asanu ndi atatu.
Tinawerenganso, poti wina anakweza awiri.

Ndiye Abiti Mkwanda anaimirira, osakweza dzanja.
Mwati lamulo limeneli ndi mayi wa malamulo onse?
Mayi ameneyu akudziwa
kuti njira imene ndinkadzera potsuka mbale
anaitseka ndi mpanda wa njerwa,
pamwamba mabotolo osweka?
Ndikafuna madzi ndizungulire mahotela atatu.
Mulembe pamenepo, mwana iwe.

Anandiloza ine.

Che Likwanya anasanthula mapepala, natsokomola.
Mfundoyo siili pa ndondomeko, mayi.
Idzalowa pa zina ndi zina.
Belu linalira.
Bolopeni yanga inayenda yokha:
Panali zokambirana.

Azana inamveka kuchokera kutsidya kwa msewu,
tinapumira.
Fanta wofunda, mabanzi awiri awiri,
mzere wa alawansi wautali kuposa wa mavoti.
Zina ndi zina zinafika folo koloko,
a ku Makanjira akuopa kutsala galimoto.

Tinasankha anayi ndi timapepala m'katoni ya sopo:
mphunzitsi uja wa magalasi,
mwini sitolo ya zitsulo,
namwino wa ku Malindi,
ndi mnyamata wodziwa kunena kuti ndikugwirizana nazo.
Adzapita kulikulu, adzagona pabwino,
zimene akasoke zidzabwerera kwa ife
kuti tichonge inde kapena ayi.
Anatero mlendo, akutseka chikwama.

Usiku uno magetsi azima.
Ndikukopera kaundula pa kandulo,
woti apite ndi minibasi ya m'mawa.
Mfundo yachisanu ndi chiwiri, panali zokambirana.
Pansi pake patsala mizere iwiri yopanda kanthu.

Ndayesa m'Chingerezi, sizikukwana.
Mpanda, mabotolo, mahotela atatu,
mbale zili pamutu.
Ndalemba momwe ananenera,
zilembo zing'onozing'ono, zopendama,
zina zatulukira m'mphepete.

Mawa Che Likwanya asayina.
Sawerenga kupitirira tsamba loyamba.