Mlendo Kwathu Komwe

Asiyatu, zithunzi zako zafika:
zipata zofiira za mzinda wakale wa ku China,
nyali zolendewera ngati mapapaya akupsa,
ndi iwe, mlongo wanga, utagwira timitengo tiwiri
ngati ukufuna kuluka chipewa m'mbale.
Pansi pake funso lija, loluma ngati nsikidzi:
"Nanga kwathuko kuli chiyani choti munthu n'kuona?"

Ndiye Loweruka ndinafunditsa makina osokera,
diresi ya mkwatibwi ndinaisiya ndi mkono umodzi,
n'kuitana Twaibu wa kabaza.
"Lero ndine mlendo, undionetse Nkhotakota."
Anaseka mpaka njinga inayamba kudzandira.

Tinayambira pa mkuyu uja
umene ndimaudutsa ndikamakagula ulusi ndi mabatani.
Zaka makumi anayi, osakwezako maso ndi tsiku limodzi!
Mbuzi inagona pa mizu yake, ikubzikula.
Ndinayesa kuukumbatira, manja anandithera,
ine amene ndimadziwa chiuno cha aliyense m'tauni muno.

Pa mabwinja a mzikiti wakale ndinavula nsapato
ngakhale denga lake tsopano ndi thambo.
Apa Twaibu nthabwala zinamuuma.
"Njira iyi makolo anga anaitsika ndi goli m'khosi.
Kapena ndiwo ankagwira chingwe.
Kwathu sanena."
Tinangoti zii.
Gulo pakhoma anagwedeza mutu
ngati anazimva kalekale, ndipo sizimudabwitsa.

Koma njala sidikira kuti chisoni chithe.
Kumsika chiwaya chinali chitayamba kale miseche.
Chinangwa chokazinga, mchere pa kapepala,
kambuzi wondikumbutsa machimo anga onse.
Kwa Abiti Selemani, kuseri kwa ogulitsa malata,
mpunga wa kilombero unatilonjera tisanagogode,
mpasa wowamba wa mu Bua utagona pambali,
chigwada chotendera chikuchita manyazi pakona.
Ndinafunsa, monga afunsira alendo:
"Amayi, mumathiramo chiyani?"
Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku zala.
"Iwe Shaibu, wadwala?
Chilundu changa chija wapinda liti?"

Panja mnyamata ankagulitsa nkhungu zoumba,
zakuda bii, zokulunga m'masamba a nthochi.
Umazikumbuka? Unkalira ukaziona.
Ndinagula ziwiri, ina m'dzina lako,
ndipo yakoyo ndinadya ndine.

Pa tchalitchi chakale cha ku Linga
kwaya inkakangana pa mzere umodzi wa nyimbo,
mwazini naye n'kuyamba kuitana chakumtunda.
Mawu awiriwo anakumana pamwamba pa mtengo wa mango
napatukirana bwinobwino
monga achitira anthu odziwana pa mlatho wopapatiza.

Ku Mawira madzi amatuluka pansi atapsa kale,
osapempha nkhuni kwa munthu.
Azimayi ankachapa, thovu likuyenda ndi nkhani za eni.
Ndinaviika phazi, n'kulichotsa ndi mfuu,
ana amaliseche n'kufa nazo nseko:
"Achimwene awa ndi a ku Lilongwe!"
Sindinawatsutse.

Pobwerera Twaibu anatchula mtengo wa azungu.
Ndinati, "Iwe, si ine ndinakusokera yunifomu?"
Iye, "Mwanena nokha kuti ndinu mlendo."
Ndinalipira.
Pakhonde ndinapeza mkwatibwi ndi azakhali ake atatu,
nkhope zili ngati mitambo ya mu Januwale.

Tsono zithunzi, mlongo wanga, ndikhululukire.
Mkuyu sunakwane mu foni.
Pa mzikiti chala changa chaphimba theka la khoma.
Ku Mawira kukuoneka nthunzi yokhayokha.
Chomwe chatuluka bwino n'chimodzi:
mbale ya Abiti Selemani, yoyera mbee,
minga ya mpasa itandandalikidwa m'mphepete.

Ndakutumizira chimenecho.
Ukamabwera utenge timitengo tako tija
tidzaone ngati tingatole mnofu wa m'mutu wa nsomba.
Ine ndibwerere ku makina,
mkono wa diresi ukundidikira,
ukwati ndi mawa.