Thabwa Lomaliza

Kampani imandilipira mphindi makumi anayi ndi zisanu:
mankhwala, tiyi, sokosi zouma, kusaina buku.
Zotsalazo ndi zanga, ndipo ndimazimwaza
m'kashedi ka bambo Hedley Ackroyd,
kuseri kwa nyumba ya miyala yakuda ku Todmorden,
kumene mvula sichita kubwera, imakhala komweko.

Manja awo ananyanyala ntchito zaka zitatu zapitazo,
amanjenjemera ngati akuwerenga ndalama zosaoneka.
Lipenga la sipika linathera papepala,
matabwa ake khumi ndi awiri, owonda kukhosi, otambalala kukamwa,
atagona pansi pa bulangeti la galu amene anafa kale.

"Maso akhala anga," anatero, "manja ubwere nawo."

Sabata yathunthu ndinangonola,
mpaka mpeni wa puleni unameta cheya cha pamkono wanga.
Kenako mzere wa pensulo, wopendekeka madigiri khumi ndi asanu,
osati khumi ndi anayi, osati pafupifupi.
Pafupifupi, iwo amati, ndi pomwe chisanu chimalowera m'nyumba.

Ndinapala. Fwee. Fwee.
Thabwa loyera, lopanda dzina m'chilankhulo changa,
silinunkhira ngati mlombwa,
limangovula makoko opotana, nkuwataya pa nsapato zanga zantchito.
Ndikakankha ndi phewa, ndodo yawo imagogoda pansi:
"Ndi miyendo! Yenda nayo!"
Pokhota puleni imanama,
choncho ndimaima, geji pathabwa, nkuloza kuwindo.
Kuwala kukadutsa, ndalakwa.

Mu Febuluwale tinawamanga ndi tepi, kuyesa popanda guluu.
Khumi ndi limodzi anagundana mapewa ngati anthu m'minibasi.
Lomaliza linakana.
Mpata unatsala, wolowa chala changa chaching'ono.
Katheka ka digiri apa, katheka apo,
ngongole zomwe ndinkati palibe aziwerenge,
zonse zinatsogola kukandidikira pamenepo.
Ndinati titseke ndi utuchi wosakaniza ndi guluu.
Bambo Hedley anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwa.
"Utuchi umapusitsa maso. Mawu amaudziwa mpata."

Tinamasula.
Mbali makumi awiri ndi zinayi, kuyambiranso,
kuchotsa khoko lopyapyala loti nkuwerengerapo nyuzi.
Tsiku lomwe lomaliza linalowa silinalire nkomwe,
linangokhala, phee, ngati linabadwira pomwepo.

Guluu, malamba, masiku awiri osakhudza.
Sandipepa wokhakhala, wapakati, wosalala,
dzanja langa lonse kukhosi kwa lipenga mpaka chigongono.
Mafuta kanayi, phula kamodzi,
nsanza yake malaya awo akale a kutchalitchi.
Thabwa loyera lija linasanduka uchi.

Mawaya analumikiza mdzukulu wawo, nkuthawira ku mpira.
"Ika chako," anatero bambo Hedley.
Ndinalibe nyimbo yoyenera.
Ndinatsegula uthenga wa Ulunji, wadzana, wochokera ku Chilomoni:
nsapato za sukulu, zakuda, zazingwe, osati zomata.

Ndinali nditaumva kasanu pafoni.
Koma apa ndinamva mpweya wake asanayankhule,
chitseko chathu chakukhitchini chikulira monga kale,
wogulitsa makala akudutsa kumsewu,
ndi kamluzu kakang'ono pa s aliyense.
Dzino lakutsogolo lachoka.
Palibe anandiuza.

Iwo makutu anawasiya m'fakitale zaka zambiri zapitazo.
Anaika chikhato pamlomo wa lipenga,
ndipo sindikudziwa chinkanjenjemera ndi chiti,
dzanja kapena thabwa.

"Mtsikana?"
"Eya."
"Akufuna chiyani?"
"Nsapato."
"Mgulire."

Ndinavala jekete, basi inali pafupi kundisiya.
Ndodo inagogodanso, nkuloza kunsi kwa benchi,
kumene bulangeti lina linafunda mulu wina.
"Makutu ndi awiri," anatero.
"Lolemba ubwere utanola."