Njinga Yopanda Katundu

Loweruka ndatseka okala msanga.
Fulaisoni wa pansi pa m'bawa ku Chirimba
wandimatira tayala kachisanu ndi chiwiri.
Akuti, "Mayi, zigamba zachuluka kuposa mphira wake,
ulendo wa kuti?"
Ndati palibe kumene ndikupita.
Waseka, wandibwezera chenji chonyowa ndi girisi.

Njingayi inali ya bambo anga,
yakuda, yolemera ngati ngongole.
Zaka makumi awiri inkawatengera ku fakitale ya nsalu
nkuwabweza madzulo, thonje lili m'tsitsi.
Chishalo chinakumbika potengera thupi lawo.
Ine ndimakhalapo ngati mlendo pa mpando wa mwini nyumba.

Phula ndalisiya pa msewu wa ku Chileka.
Kuno Okutobala waphika nthaka mpaka kung'aluka,
lupsa lakuda mbali zonse,
ana atatu akukumba mbewa m'munda wosalima.
Mtsinje ndawoloka osanyowa,
mchenga wokhawokha, ndi dzenje limene wina anafukula
kufuna madzi a ndowa imodzi.
Nyenje zikulira ngati waya wa magetsi.
Kamvuluvulu wanyamula jumbo yabuluu,
waikweza, waikweza, kenako waiiwala.

Pa chitunda choyamba ndakumana nawo,
anthu a makala, asanu pamzere,
matumba atatuatatu omangidwa ndi linya,
chifuwa pa handulo, mitsempha ya m'khosi ili tototo.
Anadzuka tambala asanalire.
Wa kumbuyo waima, waponda mwala kuseri kwa tayala,
wayang'ana kaliyala yanga.
"Katundu mwagwetsa kuti?"
"Ndilibe."
"Maliro?"
"Ayi."
"Ndiye mukungopalasa?"
Manyazi andigwira pakhosi ngati mbatata youma.
Ndamupatsa botolo langa, wamwa theka,
wapukuta pakamwa pake ndi chala chakuda, wabweza.
"Pitani bwino," akutero, "pamwambapo pali kamphepo."

Kukwera Michiru sikufuna ulemu.
Ndatsika, ndakankha, ndatukwana tcheni,
thukuta lalowa m'maso ngati tsabola.
Miyala ikugubuduka pansi pa nsapato.
Ndawerenga mapazi mpaka zana, ndayambiranso.

Kenako mthunzi.
Paini.
Si wambiri, kagulu chabe kotsala pakati pa zitsa,
koma fungo la utomoni landipeza ndisanafike.
Pansi pali pofewa, masamba ake onga singano
ameza phokoso la matayala,
njinga yokalamba yasiya kudandaula.
Mphepo ikadutsa m'nsonga
mumamva ngati mvula ikubwera kuchokera ku Thyolo,
mukweza maso, kumwamba kuli mbee.

Bambo ankati Ndirande nayenso anali chonchi,
ankati ukalowamo masana unkafuna juzi.
Ndili pano ndikuliona phirilo, lometedwa mpala,
nyumba zikulikwera ngati nthata pa galu.
Sindikuloza chala munthu.
Mbaula yanga dzulo yapsereza thumba
lomwe mwina linadutsa njira yomweyi
pa msana wa njinga ngati yangayi.

Ndadya chinangwa chophika ndi mchere wa m'pepala.
Nyani mmodzi wandiyang'ana nthawi yaitali
ngati nayenso akufunsa za katundu.

Potsika ku Chilomoni mabuleki akulira ngati nkhumba,
chitenje ndachimanga mfundo m'chiuno,
anyamata a kabaza pa siteji akuimba mluzu,
"Amayi awo! Amayi awo!"
Sindinacheuke.
Zaka makumi asanu ndi zitatu,
ndipo mphepo yandivula mpango.

Kunyumba Esinta wafunsa chimene ndabwera nacho.
Ndapisa m'thumba: chibalobalo chimodzi cha paini,
chouma, chotseguka mano.
Wachitembenuza, wachinunkhiza,
wati chingathe kukolezera moto.
Ndachilanda, ndachiika pawindo.

Tayala la kumbuyo laphwanso.
Lolemba Fulaisoni adzaseka.