Sate-seveni Sikanayankhe

Folo koloko m'mawa ku Grimsby,
mphepo ikugogoda zenera ngati ndili nayo ngongole.
Kutali m'nyanja, boti la okonza makina amphepo
likundiyankhula mwachibwibwi.

Uthenga sitiutumiza wathunthu ayi.
Timaubenthula kukhala timaphukusi,
kalikonse ndi nambala yake pamphumi,
ndipo kondakitala ndine:
iwe kwera, iwe baima.

Chenjezo la moto likhale patsogolo.
Mawu a munthu atsatire,
poti mawu akachedwa theka la sekondi
amafika atasasa.
Zithunzi za dzimbiri la pamabawuti
zitha kugona pa depoti.

Kaphukusi ka sate-seveni kanyamuka.
Ndikuwerenga chamumtima, kudikira kuti kanene "ndafika."
Zii.
Ndikakatumizanso msanga, njira idzaza ndi mapasa;
ndikachedwa, Gareth, ali lende pachingwe m'mwamba muja,
angomva "usa" basi,
osadziwa chimene akuletsedwa.
Choncho ndimadikira pang'ono,
kenaka n'kuwirikiza kudikirako,
monga umachitira odi pakhomo pa wodwala.

Bwana wanga amati ndi masamu chabe.
Kaya.
Lamulungu lapitali mayi anaimba ali ku Ntcheu,
netiweki ikudukaduka.
Ndinangotola "Zaithwa... kuchipatala... usadandaule,"
zapakati zonse zinatayikira m'njira.
Mpaka lero sindinalimbe mtima
kuwapempha kuti abwerezenso.

Chifunga chayamba kuyera padoko.
Sate-seveni kayankha tsopano,
mochedwa, katanyowa ndi mchere.
Tiyi wanga wazizira.
Sate-eyiti, kwera.