Juzi ya Müzeyyen

Usiku wa Lachiwiri, m'kanyumba kathu kosanja ku Kadıköy,
ndinadzidzimuka ngati wina akugogoda pathabwa:
kwa, kwa, kwa, kwa.
Sanali mlendo. Anali Zeytin,
mwendo wakumbuyo ukupalasa kuseri kwa khutu
ngati akufuna kukumbapo chitsime.

Kutacha, akakolo anga anali ndi timatuza tofiira,
titatutitatu, mzere wokhotakhota.
Ndasoka zovala zaka makumi anayi;
msoko woipa ndimaudziwa.

Rüstem, wogulitsa nsomba pansipa, anati:
"Atsalako mankhwala a galu wanga, tengani."
Dzanja ndinali nditatambasula kale.
Koma Mayi Gülbahar, dokotala wa ziweto,
anavula magalasi, nandiyang'ana ngati mwana woba shuga:
"Ena mwa mankhwala a galu ndi poizoni kwa mphaka, bambo.
Mukanamukwirira lisanafike Lachisanu."

Anayala pepala loyera, nalinyowetsa,
napesa Zeytin ndi chipeso cha mano othinana.
Panagwa tinthu takuda bii, ngati tsabola wosinja.
Dikirani, anatero. Ndinadikira.
Tinthu tija tinasungunuka, pepala n'kufiira psuu.
"Magazi ake amenewo. Nthata zadya, zasiya ndowe."

Anapatula ubweya pankhongo,
pamene lilime silifika,
nadontheza mankhwala pakhungu penipeni.
"Mwezi ndi mwezi, ngakhale m'nyengo ya chisanu.
Koma zodumphazi ndi zochepa.
Mazira ali m'kapeti, m'ming'alu ya pansi,
paliponse pamene amagona.
Muchape zonse ndi madzi otentha."

Paliponse pamene amagona.

Ndinabwerera wapansi, mphaka ali m'dengu,
sitima zowolotsa anthu zikulira padoko.
Zeytin ali ndi malo amodzi okha:
juzi yobiriwira ya Müzeyyen,
pampando wa pazenera pomwe anaisiya
m'mawa umene ambulansi inabwera.
Zaka ziwiri sinakhudze madzi.
M'kolala mwake munali mukadali kafungo ka khofi
ndi mafuta aja ankadzola m'manja.

Ndinachapa makatani. Ndinachapa mabulangete.
Makina okoka fumbi analira mpaka anansi anagunda khoma.
Juzi ndinailambalala
ngati munthu amene ndili naye ngongole.

Madzulo alionse chipeso, beseni, madzi a sopo.
Ndinkaziwerenga zikumira:
khumi ndi zisanu ndi zinayi,
khumi ndi imodzi,
zisanu ndi ziwiri,
kenako khumi ndi zitatu.
Zikuchokera kuti? Ndinkadziwa.

Lamulungu ndinagona dzanja pajuzi paja.
Kamodzi kanadumpha, n'kutera pamphete yanga yaukwati,
kanakhala phee, kokhuta.
Ndipo ndinamumva, ndi mawu ake aja osakweza:
"Nurettin, mwayamba kuweta nthata m'dzina langa?"

Ndinatereka madzi.
Telala wamkulu ine, ndikudziwa bwino
chimene madzi otentha amachita ndi ubweya wa nkhosa.
Ndinaiviikabe.
Nthunzi inakwera ndi fungo lake lonse,
inandipsopsona kumaso kamodzi, n'kutulukira pazenera.

Juzi inauma itachepa,
manja ake afupiafupi ngati a mwana wa zaka zitatu.
Sikanamukwananso.
Zeytin anainunkhiza, anazungulira kawiri,
nadzipinda pakati pake. Yamukwana ndendende.

Tsopano pakalendala, tsiku lachisanu ndi chinayi la mwezi uliwonse,
ndimajambula kadontho ndi choko chosokera.
Usiku kuli zii.
Nthawi zina ndimadzuka ndekha
kumvetsera ngati wina agogoda.